Chilungulira cha pathupi: nsima ya madzulo, njerwa ndi mbali yogonera

Chilungulira cha mayi wapakati anthu ambiri amachipeputsa. Ukadandaula, wina amati pirira, wina amati mwanayo ali ndi tsitsi lambiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma amene chinamugwirapo m'miyezi yomaliza amadziwa kuti chimalanda tulo, chimachititsa munthu kuopa mbale ya nsima, ndipo mayi wosagona ndi wosadya amafooka pa nthawi yomwe thupi lake likufuna mphamvu zambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati amayi awiri mwa atatu alionse oyembekezera amamva chilungulira. Tilipo ambiri, koma pa benchi ya ku sikelo timangouzana za kutupa miyendo ndi mitengo ya matewera, za motowu sitikambirana kwenikweni.

Ine ndimakhala ku Mchini muno mu Chipata, ndipo ndimasoka zovala pafupi ndi msika wa Kapata. Pa mimba ziwiri zoyamba chilungulira chinkabwera mwa apo ndi apo, ndikamwa madzi n'kutha. Pa yachitatu chinandigwira zenizeni, kuyambira mwezi wachisanu ndi chimodzi, ndipo miyezi yomaliza inagwera m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Moto unkayambira pansi pa chifuwa, pamene nthiti zimakumana, n'kukwera mpaka kummero. Ndikagona, madzi owawasa ankafika m'kamwa. Usiku wina ndinkadzidzimuka nditatsamwa, n'kuyamba kutsokomola mpaka misozi. M'mawa mawu ankakhala atasasa, moti makasitomala ankandifunsa ngati ndadwala chimfine.

Ndinakafotokoza ku sikelo. Mzamba amene anandiona tsiku limenelo anali mayi wachikulire, wosapupuluma. Anayamba wandiyeza BP, n'kuona mkodzo, n'kundifunsa ngati mutu ukundipweteka kapena ngati maso akuchita chidima. Ataona kuti zonsezo zili bwino m'pamene anayamba za chilungulira. Anati pamene mmero umalowera m'chifu pali mnofu umene umatseka khomo kuti chakudya ndi asidi zisabwerere. Mayi akakhala ndi pakati, thupi limatulutsa mahomoni ambiri otchedwa progesterone, amene ntchito yake ndi kufewetsa minofu ya chiberekero kuti mimba ikhazikike. Koma safewetsa chiberekero chokha. Mnofu wa pakhomo la chifu nawonso umalefuka, ndipo chakudya chimachedwa kuyenda m'matumbo. Kenako mwana akamakula, chiberekero chimakankhira chifu m'mwamba, malo n'kuchepa.

Anatenga botolo la madzi limene linali patebulo, n'kumasula chitsekero pang'ono. Litaima chilili, madzi sanatuluke. Ataligoneka, anayamba kudontha. "Amayi, chifu chanu panopa chili chonchi," anatero. "Chitsekero sitingachimange mpaka mutachira. Chimene tingachite n'chakuti botolo lisadzaze kwambiri, lisafinyidwe, ndipo lisagonekedwe lili lodzaza."

Zonse zimene zinandithandiza pambuyo pake zinachokera m'mawu amenewa, ndipo chachikulu pa zonse chinali nthawi yodyera nsima ya madzulo.

Kwathu kuno chakudya chachikulu ndi cha usiku. Masana munthu amangotola kanthu kumsika, chitumbuwa kapena chinangwa, koma usiku m'pamene banja limakhala pansi n'kudya mokhuta. Abambo a kunyumba ndi omanga nyumba, amafika kutada. Ine ndikaweruka, ndidutse pamsika, ndikoleze mbaula ngati magetsi athima, nsima imapsa cha m'ma 8 koloko usiku. Tikadya, kutsuka mbale, basi kukagona. Ndiye kuti ndinkagoneka chifu chodzaza ndi mitanda ya nsima pasanathe ngakhale ola limodzi. A sista anandiuza kuti pakati pa kudya ndi kugona pazidutsa maola pafupifupi 3.

Kunena n'kosavuta, koma kusintha nthawi ya nsima m'nyumba ya Mchewa ndi nkhani ya banja lonse. Apongozi anga anali atabwera kuchokera ku Chadiza kudzandithandiza, ndipo tsiku loyamba atandiona ndikudya ndekha dzuwa lisanalowe anakhumudwa. "Mwana wanga, mukudya bwanji abambo asanafike? Nanga usiku wonsewu mwanayo adya chiyani?" Sindinawaone ngati olakwa. Iwo anabereka ana awo kumudzi, kumene mayi wapakati wogona ndi njala ndi chizindikiro cha nyumba yosasamala. Ndinawafotokozera kuti sindikuchepetsa chakudya, ndikungochigawa. Chimene ndinkadya kawiri pa tsiku ndizichidya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, pang'onopang'ono. Abambo atafika ndinawauzanso, ndipo anati, "Amake ana, idyani nthawi yanu, ine nsima yanga muzingovundikira." Kuyambira pamenepo apongozi ndi amene ankandikumbutsa ikakwana 5 koloko, ndipo ankaphika okha nsima yoyambayo ine ndisanafike.

Ndimakhulupirira kuti amayi ambiri amalephera pamenepa, osati chifukwa sanamve malangizo a ku sikelo, koma chifukwa kunyumba palibe amene anawamva nawo. Ngati n'kotheka pitani ku sikelo ndi amuna anu kapena apongozi, akadzimvere okha. Mawu a mzamba amalemera kuposa a mpongozi wamng'ono.

Tsiku langa linayamba kuyenda motere. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro pang'ono. Dzuwa likakwera, nthochi kapena mbatata yophika. Masana nsima yeniyeni ndi ndiwo zabwino, nyemba, mazira, kapenta, chiwawa chotendera, chifukwa masana ndimakhala chilili ndipo chakudya chimatsika bwino. Cha m'ma 5 koloko nsima yochepa ndi ndiwo zopanda mafuta ambiri. Banja likamadya usiku ndinkakhala nawo pamodzi kuti ndisadzipatule, ndipo njala ikandivuta ndinkangodya nthochi imodzi kapena kumwa kapu yaing'ono ya phala lamadzimadzi. Madzi ndinkamwa pakati pa zakudya, pang'onopang'ono tsiku lonse. Kumwa makapu awiri pamwamba pa nsima kunkandibweretsera moto nthawi yomweyo.

Za zakudya zoyambitsa chilungulira, munthu aliyense ali ndi zake, ndipo sindikufuna kuti mayi asiye zakudya zabwino chifukwa cha mndandanda wa munthu wina. Zanga zinali izi: chilichonse chokazinga mu saladi wambiri, makamaka tchipisi ndi zitumbuwa, supu wa tomato wambiri ndi anyezi wokazinga, tsabola, zakumwa za gasi, ndi tiyi wamphamvu. Mango aawisi othira mchere ndi tsabola, amene mtima unkawafuna kwambiri mu Novembala, ankandilanga usiku wonse. Mtedza unandidabwitsa. Wokazinga, ndikautafuna madzulo, unkandiwotcha, koma nsinjiro m'ndiwo za masana sizinkandivuta. Kuno kum'mawa mtedza ndi chakudya chathu chomanga thupi chimene aliyense angachipeze, choncho musauthawe wonse, ingoonani nthawi ndi muyeso. Mkaka umaziziritsa kwa kanthawi, koma wanona kwambiri ukhoza kubweza motowo pakapita nthawi. Ngati ndi wa kukhola, uwiritseni kaye.

Chinanso chimene sindinkachiganizira ndi kuwerama. Ntchito zathu zambiri ndi zowerama: kusesa ndi tsache lalifupi, kuchapa m'beseni lili pansi, kutsuka mbale, kupalira. Ine ntchito yanga ndi yokhala pa makina nditapinda mimba tsiku lonse. Ndinkati ndikangodya masana n'kubwerera pa makina, asidi ankakwera ndisanamalize ngakhale mpendero umodzi. Ndinayamba kuti ndikadya ndiziyenda kaye pang'ono, kenako n'kugwira ntchito zoimirira monga kudula nsalu ndi kusita, makina n'kuwabwerera pambuyo. Mpando ndinaukweza ndi pilo kuti msana uziwongoka. Kunyumba beseni linakwera pa mpando, tsache ndinalimangirira ku ndodo. Kutola chinthu pansi, ndinkapinda mawondo m'malo mopinda chiuno.

Ndipo monga telala ndinene za chitenje. Ambiri tikakhala ndi pakati timamanga chitenje pamwamba pa mimba, pansi pa mabere penipeni, n'kuchikoka zolimba kuti chisagwe. Pamenepo m'pamene pali chifu. Masiketi a lasitiki yolimba nawonso chimodzimodzi. Mangani momasuka, kapena valani diresi lotaya. Amayi apakati akabwera kudzasoketsa masiku ano ndimawasiyira malo pamenepo ngakhale asanapemphe.

Tsopano za kagonedwe, zimene zinandivuta kuposa zakudya. Ine chibadwire ndimagona chagada. Mimba itakula, chafufumimba sizinkatheka, ndipo chammbali chiuno chinkandipweteka, choncho chagada n'kumene ndinkapezako mpumulo. Koma chagada m'pamenenso asidi ankafika kummero msanga. Poyamba ndinkaunjika mapilo kumutu. Sizinathandize, chifukwa mapilo amakweza mutu ndi khosi zokha, thupi n'kupindika pamimba, chifu n'kufinyika kwambiri. A sista anati chofunika kukwera ndi thupi lonse kuyambira m'chiuno kupita kumutu, ndipo njira yapafupi ndi kukweza miyendo ya bedi ya kumutu ndi masentimita 10 mpaka 15.

Apa m'pamene ntchito ya abambo inatithandiza. Anabwera ndi njerwa zootcha zosalala, n'kuika pansi pa miyendo iwiri ya kumutu, n'kuyesa kugwedeza bedi kuti aone ngati lakhazikika. Poona kuti njerwa zosanjikiza zikhoza kutsetsereka pa simenti, anadzasintha n'kuika zidutswa za thabwa lochindikala zimene anaziboola pang'ono kuti mwendo wa bedi uzilowamo. Chonde onetsetsani zimenezi, chifukwa mayi wa miyezi isanu ndi itatu sayenera kugwa ndi bedi pakati pa usiku. Masiku oyamba umamva ngati ukutsetserekera kumiyendo, koma thupi limazolowera. Amene mumagona pa matiresi apansi kapena pamphasa, pindani mabulangete kapena ikani thumba lodzaza ndi zovala pansi pa matiresi kapena mphasayo, kuyambira pamsana mpaka kumutu, kuti pakhale chitunda chotsika pang'onopang'ono. Mukatero onaninso neti. Bedi likapendekeka neti imatha kusiya mpata kumutu, ndipo malungo kwa mayi wapakati ndi oopsa kuposa chilungulira. Ipisireni pansi pa matiresi mbali zonse.

Mbali yogonera ili ndi nkhani ziwiri zimene poyamba ndinkazisokoneza, ndipo anandimasulira bwino ndi mng'ono wanga amene ndi namwino ku Lusaka.

Yoyamba ndi ya chilungulira. Chifu chinapendekera kumanzere kwa thupi, ndipo mmero umalowa m'chifumo chakumanja kwake. Ukagonera kumanzere, chakudya ndi asidi zimakhazikika pansi, khomo lija n'kukhala pamwamba. Ukagonera kumanja, asidi amasendera kukhomoko, ndipo mnofu wolefuka uja sungamuletse. Zimenezi ndinaziona ndi thupi langa. Usiku umene ndatembenukira kumanja nditadya mochedwa, sipankatenga nthawi kuti ndidzuke ndi zowawasa m'kamwa.

Yachiwiri ndi ya mwana, ndipo ndi yaikulu. Kumbuyo kwa chiberekero, chakumanja kwa fupa la msana, kumadutsa mtsempha waukulu umene umabweza magazi a m'miyendo ndi m'mimba kupita kumtima. Mimba ikakula mayi n'kugona chagada, kulemera kwa chiberekero kumapsinja mtsempha umenewu, magazi obwerera kumtima n'kuchepa, ndipo opita kwa mwana amachepanso. Amayi ena amamva chizungulire, thukuta kapena nseru akagona chagada, ena samva kalikonse. N'chifukwa chake amalangiza kuti kuyambira masabata 28 mayi azigonera chammbali nthawi iliyonse imene akugona, usiku ngakhalenso masana. Mng'ono wanga anandiuza za kafukufuku amene anatuluka mu 2019, wophatikiza zimene anapeza m'mayiko monga New Zealand, Australia ndi UK. Anapeza kuti mwa amayi amene ankayamba tulo ali chagada m'miyezi yomaliza, ngozi yoti mwana afere m'mimba inali yowirikiza pafupifupi kawiri ndi theka poyerekeza ndi ogonera kumanzere. Ngoziyo payokha si yofala, ndipo amayi ambiri ogona chagada amachira bwinobwino, koma ichi ndi chinthu chimene munthu angachisinthe popanda kulipira ngwee.

Kafukufuku yemweyo anapezanso chinthu chimene chinandimasula mtima: kwa mwana, kumanja ndi kumanzere n'chimodzimodzi. Ndinali nditamva kwa amayi ena kuti kugonera kumanja kumapha mwana, ndipo ndinkadzikakamiza kumanzere mpaka phewa ndi ntchafu zinkachita dzanzi. Si zoona. Kumanzere n'kwabwino kwambiri kwa amene tili ndi chilungulira, koma chiuno chikatopa tembenukirani kumanja, makamaka chakum'mawa pamene chifu chapepuka. Ndipo mukadzuka n'kupeza kuti muli chagada musadziimbe mlandu kapena kuchita mantha. Munthu ali m'tulo sadzilamulira. Chimene chimawerengedwa ndi mmene mwayambira tulo, chifukwa m'mene munthu wagonera poyamba ndi m'mene amakhalitsa. Tembenukani n'kupitiriza kugona.

Kuti chammbali chitheke kwa munthu wozolowera chagada pamafunika zochirikiza. Ine ndinkaika pilo pakati pa mawondo, ndipo ululu wa chiuno unachepa kwambiri chifukwa mwendo wapamwamba sunkakokanso chiuno. Chitenje chopindapinda chinkalowa pansi pa mimba kuti isalendewere. Kumsana ndinkaika bulangete lokulunga kuti ndikafuna kugubudukira chagada lindiletse. Simufunika kugula mapilo odula a m'masitolo. Ine ndinasoka thumba lalitali la nsalu yotsala n'kulidzaza ndi tizidutswa ta nsalu, ndipo telala aliyense angakusokereni. Abambo anasamukira mbali ina ya bedi kuti ndikagonera kumanzere ndiziyang'ana kunja, kumene kuli mpweya komanso kosavuta kutsika pokataya madzi. Podzuka ndinkayamba ndagonera chammbali, kutsitsa miyendo, kenako n'kudzikankha ndi manja. Kudzuka mwachindunji uli chagada kumafinya mimba ndipo asidi amakwera pompo.

Panali masiku ena, makamaka mwezi womaliza, pamene zonsezi sizinkakwanira. Pamenepo ndinkadzuka, kukhala tsonga, kumwa madzi pang'ono, kuyendayenda m'nyumba mpaka moto utatsika. Kulimbana nacho uli gone kumangotalikitsa usiku. Ndikagona pampando ndinkapendekera mbali imodzi ndi pilo kumsana, osati kutsamira chagada.

Za mankhwala ndilankhule mosabisa, chifukwa apa m'pamene timapwetekana ndi malangizo achikondi. Mnzanga wina wa pamsika anandiuza kuti ndisungunule soda wophikira therere m'madzi ndimwe. Ambiri amachita zimenezi, ndipo n'zoona kuti moto umazima msanga. Koma ku sikelo anandiletsa. Soda ali ndi mchere wambiri wa sodium umene umachititsa thupi kusunga madzi, zomwe si zabwino kwa mayi amene miyendo ikutupa kale kapena amene BP ikhoza kukwera. Amatulutsanso mpweya m'chifu, munthu n'kumageya, asidi n'kukweranso. Chidulo ndi phulusa musamwe n'komwe. Dothi limene limagulitsidwa m'misika, limene ena amati limaziziritsa pamtima, limatha kukhala ndi mazira a njoka za m'mimba, limalimbitsa chimbudzi, ndipo limalepheretsa thupi kuyamwa ayironi, amene amathandiza kupanga magazi. Ngati mtima ukulifuna kwambiri kauzeni a sista akuyezeni magazi, chifukwa chilakolako cha dothi nthawi zambiri chimayenda limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Zitsamba zosadziwika mphamvu yake ndinazikana mwaulemu, ngakhale zinkachokera kwa anthu ondifunira zabwino.

Mankhwala a chilungulira oyenera mayi wapakati alipo, ndipo palibe chifukwa chovutikira mwakachetechete. Malangizo a WHO a 2016, omwewo amene amati mayi azionedwa ku sikelo kosachepera ka 8, amavomereza kuti ngati kusintha kadyedwe sikunathandize mayi apatsidwe mankhwala ochepetsa ukali wa asidi. Ine anandilembera a madzi oyera aja, oti ndizimwa ndikadya komanso pogona. Si onse a m'gulu limeneli amene ali oyenera pathupi, choncho musangogula pa kauntala, funsani mzamba kapena wa ku famase ndipo munene kuti muli ndi pakati. Kwa amene chawakulira, dokotala amatha kulemba ena amphamvu monga omeprazole. Chimene a sista anandibwerezera kawiri n'chakuti mankhwala amenewa asamwedwe pamodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi aja a ferrous ndi folic acid. Pazidutsa maola 2, apo ayi ayironi sadzalowa m'thupi. Tiyi nayenso amasokoneza ayironi, choncho musamwere mapiritsiwo tiyi.

Mapiritsi a ferrous enieniwo amawawitsa m'mimba mwa amayi ena, ndipo ndikudziwa ambiri amene amawasiya mwakachetechete n'kumanena ku sikelo kuti akumwa. Musatero. Magazi amenewo mudzawafuna tsiku lochira. Ine ndinkamwa pogona ndipo ankandiwotcha. Nditanena, anandiuza kuti ndizimwa masana ndi chakudya, ndi madzi okwanira, ndili chilili, ndipo vutolo linachepa. Mankhwala a ululu monga Brufen ndi diclofenac amapweteka chifu ndipo si oyenera mayi wapakati kudzigulira. Koma ngati dokotala anakulemberani aspirin wochepa chifukwa cha BP, musamusiye pa nokha, kambiranani naye.

Pali chifukwa chimene mzamba uja anayambira kundiyeza BP asananene chilichonse, ndipo ndinadzachimvetsa bwino chifukwa cha zimene zinachitikira mtsikana wina woyandikana nafe nyumba. Anali ndi mimba yoyamba ya miyezi isanu ndi itatu. Madzulo ena anabwera kudzandipempha mankhwala anga, akuti chilungulira chamugwira. Nditamufunsa, anati ululu uli pansi pa nthiti chakumanja, sukukwera kummero, ndipo mutu wakhala ukumupweteka kuyambira m'mawa. Nkhope inali yotupa, mphete itamukanirira pachala. Ndinaitana mayi wina wa SMAG wa m'dera lathu, amodzi mwa anthu odzipereka aja amene amalondola amayi apakati m'makomboni ndi m'midzi. Atangomuona anati, "Mwana wanga, ichi si chilungulira, tiyeni tsopano lino." Ku kiliniki anapeza BP itakwera kwambiri, n'kumutumiza ku Chipata Central Hospital usiku womwewo. Anamuthandiza, ndipo iye ndi mwana wake ali moyo.

Matenda amenewa a BP ya pathupi, amene achipatala amati pre-eclampsia, amayamba mimba ikapitirira masabata 20, ndipo amatha kubweretsa khunyu ndi kupha mayi ndi mwana. Ululu wake umakhala pamalo oyandikana ndi a chilungulira, n'chifukwa chake amanyenga. Chilungulira chimawotcha, chimakwera kummero, chimabwera ukadya kapena ukagona, ndipo chimatsika ukakhala tsonga kapena ukamwa mankhwala. Ululu wolimba pansi pa nthiti kapena pamwamba pa mimba umene sukusintha, makamaka pamodzi ndi mutu waukulu, kuona nyenyezi kapena chidima, kusanza, kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, umenewo ndi wopita nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. BP ikafika 140/90 kapena kuposa, achipatala amafuna kuilondola mwatcheru. Pitaninso mwamsanga ngati mukusanza magazi, chimbudzi chikutuluka chakuda chonanda ngati phula, chakudya chikukanirira pammero, mukuwonda, mukubanika, kapena ululu wa pachifuwa ukufalikira kudzanja ndi kunsagwada. Ndipo ngati mwana wachepetsa kusewera m'mimba musadikire tsiku la sikelo kapena kuti kuche. Amene muli kumidzi yakutali, ku Vubwi, Kasenengwa kapena Chipangali, konzekeranitu za mayendedwe ndi nambala ya munthu wa njinga yamoto kapena galimoto mimba isanafike miyezi yomaliza.

Za tsitsi la mwana, apongozi anali otsimikiza kuti ndibereka mwana wa tsitsi lambiri. Mng'ono wanga anati si nthano chabe, chifukwa kafukufuku wina waung'ono wa ku Johns Hopkins ku America mu 2006 anapeza kuti amayi a chilungulira chachikulu ambiri anaberekadi ana atsitsi. Koma si tsitsi limene limakanda pamtima. Mwana ali m'chiberekero, kutali ndi mmero. Akatswiriwo anaganiza kuti mahomoni omwe amalefula khomo la chifu ndi amenenso amakhudza kameredwe ka tsitsi. Vuto la chikhulupiriro chimenechi n'lakuti chimatseka nkhani: mayi amauzidwa za tsitsi, osauzidwa za nthawi yodyera, za bedi, kapena za BP.

Masabata omaliza mwana atatsikira m'chiuno ndinapezako mpumulo pang'ono, chifukwa chifu chinapeza malo. Sizichitika kwa aliyense. Ndinachira mu Disembala, ndipo m'masiku ochepa chilungulira chinatha, ndinayambanso kudya nsima ya usiku ndi banja. Ngati chanu chapitirira masabata angapo mutachira, bwererani kuchipatala akaone ngati si zilonda za m'mimba kapena vuto lina la chifu, ndipo muwauze kuti mukuyamwitsa asanakulembereni mankhwala.

Chinthu chimodzi chimene a sista anandichenjeza potuluka m'chipatala n'chakuti lamulo la chammbali ndi la mayi wapakati, osati la khanda. Mwana wakhanda amagonekedwa chagada, pamalo olimba ndi osapendekeka, popanda pilo kapena mabulangete ofika kumaso, ngakhale atakhala wobwezabweza mkaka. Choncho matabwa aja anachoka pansi pa bedi tsiku lomwe tinafika kunyumba, ndipo thumba langa la tizidutswa ta nsalu ndinalichotsa pogona mwana.